Kubwerera ku Shire wa kumtunda: zolemba za kafukufuku wa nyongolotsi za pa zopumira za makumba, 2024

Febuluwale

Ndayamba kaundula uyu kuti anzanga a m'gulu la kafukufuku, ophunzira anga ndi ena onse otsatira ntchitoyi azidziwa pamene tafika, komanso kuti ine mwini ndisadzaiwale chifukwa chimene ndinasankhira njira ina n'kusiya inzake. Ntchito yanga ndi yozindikira, kufotokoza ndi kusanja m'magulu nyongolotsi zaphanthiphanthi zimene zimakhala pa nsomba, ndipo chaka chino maso anga onse ali pa kanyongolotsi kamodzi kotchedwa Cichlidogyrus halli.

Nyongolotsi zaphanthiphanthi zopezeka pa nsomba zili m'magulu atatu akuluakulu. Pali gulu la Cestoda, zija zazitali ngati lamba. Pali la Digenea, zimene moyo wake umadutsa mu nkhono zisanafike pa nsomba kapena mbalame. Ndiye pali la Monogenea, zimene zambiri zimakhala kunja kwa thupi la nsomba, pa khungu, pa zipsepse ndi pa ziwalo zopumira, zija zofiira zimene zili kuseri kwa masaya. Cichlidogyrus ili m'gulu lachitatuli. Dzinali analiyambitsa Ilan Paperna mu 1960, ndipo lero mitundu yoposa 100 inalembedwa pansi pake, pafupifupi yonse yochokera pa nsomba za banja la chambo, makumba, utaka ndi mbuna.

Chimene chandikokera ku mtundu umodziwu ndi mbiri ya dzina lake. Mu 1967, C. E. Price ndi R. G. Kirk anafotokoza kanyongolotsi kamene kanachotsedwa pa makumba a mu Shire wa kumtunda, ndipo kanali koyamba m'gulu la Monogenea kufotokozedwa kuchokera ku Malawi. Iwo anakaika m'gulu la Cleidodiscus, ndipo pambuyo pake kanasamutsidwira ku Cichlidogyrus. Kuyambira pamenepo dzina lakuti halli layenda Africa yense: laperekedwa kwa nyongolotsi za ku Uganda, za ku nyanja ya Kariba, za ku Congo, za kumadzulo kwa Africa, ngakhalenso za m'maiwe a nsomba a ku Asia ndi ku America kumene nsomba za kuno zinatumizidwa. Akatswiri angapo akhala akunena kuti dzina limodzili likuphimba mitundu ingapo yofanana maonekedwe koma yosiyana magazi. Ngati zili choncho, palibe amene angagawe mitunduyo molondola asanadziwe kaye kuti halli weniweni ndi uti, ndipo halli weniweni ndi uja wa pa makumba a mu Shire wa kumtunda, chifukwa malamulo a katchulidwe ka zinyama amamangirira dzina pa chitsanzo chimene wofotokoza woyamba anagwiritsa ntchito. Nkhani imene ikuvutitsa anthu a m'mayunivesite akutali yankho lake lili pakati pa Mangochi ndi Liwonde. Cholinga changa ndi kutola zitsanzo zatsopano pa nsomba yomweyo ndi mu mtsinje womwewo, kuziyeza, kuzijambula, ndi kuwerenga DNA yake, kuti dzinali likhale ndi pokhazikika.

Malichi

Mwezi uno wathera m'makalata. Chilolezo chochita kafukufuku chatuluka, ndipo kalata yopempha kutenga nsomba m'madoko ndaipereka ku ofesi yoona za usodzi. Chatsala ndi chilolezo chotumiza zitsanzo kunja, chimene chimatsata pangano la Nagoya la 2010 lokhudza kagawidwe ka phindu lochokera ku zamoyo za dziko. Ena amaona ngati njira imeneyi imangochedwetsa ntchito, koma ine ndimaiyamikira, popeza zambiri zimene zinatoledwa m'dziko muno kale zili m'makabati a kunja ndipo ife eni ake tilibe ngakhale kagalasi kamodzi koyerekezera. Ndalemba m'pangano kuti theka la zitsanzo lidzatsala kuno.

Zipangizo zafika: ethanol wa 96 peresenti, timabotolo ting'onoting'ono, timagalasi toikapo zitsanzo ndi tovundikira take, singano zopyapyala, ndi mankhwala osakaniza a glycerine ndi ammonium picrate, njira imene Göran Malmberg anaifotokoza mu 1957 ndipo mpaka lero ndi imene imaonetsa bwino ziwalo zolimba za nyongolotsizi.

Epulo

Ulendo woyamba wa kumtsinje. Madzi a m'nyanja akwera kwambiri chaka chino, moti m'mbali mwa nyanja ku Mangochi nyumba ndi malo ogona alendo zalowa m'madzi, ndipo madoko ena amene ndinawaona chaka chatha asowa. Asodzi akukocheza paliponse pamene papezeka pouma, choncho masiku awiri oyamba anatha ndikungofunsa kumene mabwato akufikira.

Vuto loyamba silinali nyongolotsi koma nsomba. Munthu akalakwitsa dzina la nsomba, zonse zimene adzalembe za tizilombo take zimakhala zosokeretsa, ndipo m'mabuku muli zolakwika zambiri zimene zinayamba motere. Pa doko, nsomba zazing'ono za makumba ndi za chambo zimaunjikidwa pamodzi, ndipo wogulitsa amazitchula ndi dzina limene lingakope wogula. Makumba, amene George Albert Boulenger anawapatsa dzina lakuti shiranus mu 1897 potengera mtsinje wa Shire womwewu, nthawi zambiri amakhala ndi minga inayi pa chipsepse cha kunsi chakumchira, pamene chambo amakhala ndi itatu. Ndimawerenga mingayo ndi singano nsomba iliyonse, ndimaijambula chithunzi itagona chammbali pafupi ndi rula, ndipo ndimadula kachidutswa ka chipsepse n'kukaika mu ethanol kuti DNA ya nsombayo idzatsimikize zimene maso aona. Buku la Ethelwynn Trewavas la 1983 lofotokoza nsomba za gulu limeneli ndimayenda nalo m'chikwama, ngakhale chikuto chake chinathothoka kale.

Msodzi wina wachikulire amene anavomera kundisungira nsomba zamoyo m'ndowa anandiyang'anitsitsa ndikuwerenga minga, kenako anati: "Achimwene, mukuvutikiranji? Makumba amadziwika ndi nkhope." Ndinawapempha kuti andisankhire pa mulu wa nsomba khumi ndi ziwiri, ndipo nditawerenga minga ndinapeza kuti sanaphonye ngakhale imodzi. Kuchokera tsiku limenelo iwo amasankha, ine ndimatsimikiza, ndipo ntchito imathamanga. Ndinawafunsanso za malo amene anatchera, chifukwa pa chizindikiro cha chitsanzo mawu akuti "Mangochi" okha sakwanira. Nsomba ya m'nyanja, ya mu mtsinje ndi ya ku Malombe zonse zimagulitsidwa pa msika umodzi.

Sinditenga makumba a m'maiwe pa gawo lino la ntchito. M'maiwe nsomba zimasakanikirana mitundu, zina zinachokera kutali, ndipo tizilombo timadumpha kuchoka pa mtundu wina kupita pa unzake mosavuta kusiyana ndi mu mtsinje.

Meyi

Mwezi uno ndi umene ndakhala nthawi yaitali pa maikulosikopu, ndipo ndilemba ndondomeko yonse kuti wophunzira amene adzapitirize asadzayambe chopapasa.

Nsomba iyenera kufika yamoyo, chifukwa nyongolotsizi zimafa ndi kuwola msanga nsomba ikangofa, ndipo m'kutentha kwa Mangochi maola ochepa ndi okwanira kuziwononga. Ndikaipha mwachangu, ndimadula zopumira zake, zinayi mbali iyi ndi zinayi mbali inayo, n'kuziika m'kambale ka madzi a mumtsinje osefedwa. Pansi pa galasi lokuza pang'ono, ndimapatula timizere ta zopumirazo kamodzikamodzi ndi singano. Kanyongolotsiko kawirikawiri sikafika milimita imodzi kutalika, n'koyera mbuu, ndipo kamadziulula ndi kayendedwe kake: mchira wake umakhala utagwira nsomba, pamene mutu ukutambasuka ndi kubwerera. Sikayamwa magazi koma kamadya mamina ndi khungu la pamwamba la zopumira.

Kumchirako ndiye kuli chiwalo chogwirira, ndipo mmenemo ndi momwe muli zizindikiro zimene timasiyanitsira mitundu. Muli ngowe zazikulu zinayi, ziwiri zakumsana ndi ziwiri zakumimba. Muli timitanda tiwiri tolumikiza ngowezo, kakumsana kali ndi timakutu tiwiri, kakumimba kopindika ngati chilembo cha V. Ndipo m'mphepete muli tingowe ting'onoting'ono 14, tokhala tiwiritiwiri. Chapakati pa thupi pali chiwalo chachimuna cholimba, chimene ndi kachubu ndi kothandizira kake. Kanyongolotsi kalikonse kali ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi pamodzi. Pa halli, kachubuko n'kakakulu, kotakata ndi kopindika ngati chilembo cha S, ndipo kothandizira kake n'kosavuta, kosongoka ngati nsonga ya mkondo. Tsiku limene ndinaona koyamba maonekedwe amenewa pa makumba ochokera mu mtsinje weniweniwo ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkangowaona m'zojambula za anthu ena.

Kanyongolotsi kamodzi kayenera kupereka zinthu ziwiri, maonekedwe ndi DNA, ndipo apa ndi pamene dzanja limafunika kukhazikika. Ndimakadula ndi nsonga ya singano: mbali ya ngowe ndi mbali ya chiwalo chachimuna zimapita pa kagalasi, chidutswa chotsala chimapita mu ethanol, ndipo zonse zimalandira nambala imodzi. Kufunika kwake n'kwakuti pa nsomba imodzi pamatha kukhala mitundu itatu kapena inayi ya nyongolotsizi, monga Cichlidogyrus sclerosus, Cichlidogyrus tilapiae ndi Scutogyrus, choncho munthu amene ajambula kamodzi n'kuwerenga DNA ya kena sangalumbire kuti ndi mtundu umodzi. Mu nkhokwe za DNA za pa intaneti, monga GenBank, muli zolembedwa zimene palibe angazitsimikize chifukwa kagalasi kake kulibe.

Pa kagalasi ndimadontheza mankhwala a Malmberg m'mphepete mwa chovundikira kuti alowe okha pang'onopang'ono, kenako ndimamata m'mbali ndi kyutekisi wosaoneka mtundu, yemwe uja amapaka m'zikhadabo. Wa m'golosale wamba amagwira ntchito bwino lomwe.

Ndiyenera kulembanso cholakwa changa. Sabata yachiwiri ndinatopa, ndipo zopumira za nsomba zisanu ndinaziika mu formalin poganiza kuti ndidzazipenda ndikabwerera ku labotale. Formalin amasunga maonekedwe koma amawononga DNA, ndiponso amaumitsa thupi la nyongolotsi moti silimaphwatalala bwino pa kagalasi, ngowe zake zimaoneka chopendekeka ndipo muyeso wake sudalirika. Zitsanzozo ndazisunga padera ndi chizindikiro chofiira, ndipo sizidzalowa mu tebulo la miyeso. Kuyambira tsopano ndikutenga nsomba zochepa pa tsiku, zimene ndingathe kuzimaliza dzuwa lisanapendeke.

Juni

Mwera waomba masabata awiri osalekeza, ndipo nsomba zamoyo zasowa. Ndinagwiritsa ntchito nthawiyo kupita kugombe la nyanja kumene amayanika usipa, chifukwa amayi ena anatumiza uthenga kuti akufuna ndikaone chinthu chimene amachipeza m'mimba mwa nsombazo. Anang'amba usipa wotupa mimba n'kutulutsa chinthu choyera, chaphanthiphanthi, chotalika kuposa nsombayo. Imeneyi ndi mphutsi ya Ligula intestinalis, ya gulu la Cestoda, imene ofufuza anailemba kale pa usipa wa m'nyanja ino, mbali ya kuno ndi ya ku Tanzania komwe. Dzira lake limaswa m'madzi, kamphutsi kamadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama, usipa umadya tizilomboto, ndipo nyongolotsiyo imakula m'mimba mwa nsomba kudikira kuti mbalame yodya nsomba iimeze, popeza imakhwima ndi kuikira mazira m'matumbo a mbalame. Nsomba yogwidwa nayo kawirikawiri imalephera kubereka. Si ntchito yanga ya chaka chino, komabe ndinatenga zitsanzo zingapo mu ethanol, chifukwa usipa ndiwo ndiwo za anthu ambiri m'dziko muno ndipo wophunzira wina angapezepo mutu wa kafukufuku wake.

Funso la amayiwo linali limodzi: "Bambo, kodi zimenezi si zimene zimabweretsa likodzo?" Ndinayankha kuti ayi. Likodzo limayamba ndi nyongolotsi ya banja lalikulu lomweli, yotchedwa Schistosoma, koma iyo imadutsa mu nkhono n'kulowa pa khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kuwoloka m'madzi. Sichokera m'nsomba imene munthu wadya. Nyongolotsi za pa zopumira zimene ndikufufuza sizingakhale pa munthu n'komwe. Yokhayo imene ndinawachenjeza ndi Clinostomum, timatuza tachikasu timene nthawi zina timaoneka pansi pa khungu kapena m'mutu mwa nsomba, imene mwachibadwa imakhwimira pakhosi pa akakowa ndi mbalame zina zotere, ndipo ku Japan ndi ku Korea inapezekapo pakhosi pa anthu odya nsomba zaziwisi. Nsomba yophikidwa kapena yootchedwa mpaka kupsa ilibe vuto limeneli. Wina anafunsanso ngati ndabwera chifukwa cha matenda a zilonda amene anapha nsomba ku Mchinji mu 2020, ndipo ndinafotokoza kuti amenewo gwero lake ndi kachilombo konga nkhungu ya m'madzi, osati nyongolotsi.

Ndalemba zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa ndaona kuti munthu wobwera pa doko ndi magolovesi ndi timabotolo akhoza kugwetsa malonda a anthu ndi mawu amodzi olankhulidwa mosasamala. Ndauza ophunzira anga kuti asamanene kuti nsomba "ili ndi matenda" pamene angopezapo tizilombo. Pafupifupi nsomba iliyonse ya m'chilengedwe ili ndi tizilombo take ndipo imakhala nato bwinobwino.

Julayi

Kuyeza kwayamba. Pa kanyongolotsi kamodzi pali miyeso yoposa makumi awiri, yonse mu maikulomita (milimita imodzi ili ndi maikulomita 1,000), ndipo iliyonse iyenera kuyambira ndi kuthera pamene ena anayambira ndi kuthera, apo ayi manambala sangayerekezedwe. Magetsi akhala akuzima masana, choncho ndimayeza usiku ndipo masana ndimajambula pamanja kuchokera pa zithunzi. Kujambula ndi pensulo kumaoneka kwachikale, koma chithunzi cha kamera chimagwira mulingo umodzi wokha wa kuya, pamene kachubu kopindika kamakwera ndi kutsika. Dzanja limasonkhanitsa zimene diso laona pa milingo yonse.

Magalasi atatu auma chifukwa kyutekisi anang'ambika pakona. Ndawamatanso onse kawiri.

Ogasiti ndi Sepitembala

Apa ndi pamene ntchito yafika povuta, ndipo ndilemba mosamala kuti ndisanene zoposa zimene ndaona.

Nyongolotsi za maonekedwe a halli zimene ndachotsa pa makumba sizofanana ndendende. Zina zili ndi ngowe zazikulu pang'ono, zina nsonga ya kothandizira kachubu ndi yotakata kuposa zinzake. Mtima umathamangira kunena kuti pali mitundu iwiri, ndipo wofufuza aliyense wa ntchito imeneyi amalakalaka kutchula mtundu watsopano, koma ndikudziwa zinthu zinayi zimene zingabweretse kusiyana kotere popanda mtundu watsopano. Kanyongolotsi kakang'ono msinkhu kamakhala ndi ziwalo zosakhwima. Chovundikira chikakanikizidwa kwambiri ziwalo zimatambasuka, chikapanda kukanikizidwa zimagona chammbali n'kuoneka zazifupi. Mankhwala nawonso amasintha muyeso, moti chitsanzo cha mu mankhwala ena otchedwa Hoyer ndi cha mu mankhwala a Malmberg sizipereka manambala ofanana. Chomaliza, kukula kwa nsomba ndi kutentha kwa madzi zimadziwika kuti zimakhudza kukula kwa ngowe m'magulu ena a Monogenea, ndipo zitsanzo zanga zina n'za mu Epulo, zina n'za mu Juni madzi atazizira.

Mbiri ya dzina lomweli ikuphunzitsa kudekha. Nyongolotsi imene Paperna ndi Thurston anaifotokoza mu 1969 ndi dzina lakuti Cichlidogyrus tubicirrus magnus pambuyo pake inapezeka kuti ndi halli yemweyo, ndipo dzinalo linamira. Dzina loperekedwa mopupuluma silifufutika. Limakhala m'mabuku mpaka kalekale ngati katundu amene aliyense wobwera m'mbuyo ayenera kumusenza ndi kumufotokoza. Choncho mu tebulo langa ndangolemba "maonekedwe A" ndi "maonekedwe B", ndipo chigamulo chidikira DNA.

Kufotokoza koyamba kwa 1967 kunalembedwa nthawi imene miyeso yofunika inali yochepa kusiyana ndi lero, ndiponso manambala a tingowe ting'onoting'ono ankawerengedwa m'njira zosiyanasiyana, moti kangowe kamene wolemba wina akutcha koyamba, mnzake akukatcha kachiwiri. Ndakonza pepala losinthira manambalawo kuti agwirizane ndi njira imene Antoine Pariselle ndi Louis Euzet anatsata pamene anaunikanso gulu lonseli mu 2009. Ndalemberanso osunga zitsanzo zakale kunja kupempha zithunzi za magalasi oyambirira, chifukwa kufotokozanso mtundu popanda kuona chitsanzo chimene chinanyamula dzinalo n'kumanga pa mawu a munthu wina.

Pali njira ina imene ndikuiganizira. Ofufuza a ku Belgium asonyeza kuti nsomba zimene zakhala m'mabotolo a nyumba yosungira zakale ya ku Tervuren kwa zaka makumi ambiri zikadali ndi nyongolotsi zake pa zopumira, ndipo ziwalo zolimba zimaonekabe. Mwa njira imeneyi anatha kuona tizilombo timene nsomba za ku Congo zinali nato nsomba zachilendo zisanalowetsedwe. Ngati makumba akale a mu Shire osungidwa ku Tervuren kapena ku London angaloledwe kupendedwa, tingadziwe ngati zimene ndikupeza lero ndi zomwe zinalipo kale.

Okutobala

Maphunziro atsegulidwa, ndipo masiku anga a pa maikulosikopu atsika kufika pa awiri pa sabata. Pempho langa la ndalama za gawo lachiwiri lakanidwa ndi bungwe lina, ndipo oliunika analemba kuti ntchitoyi "ingofotokoza" ndipo sionetsa phindu kwa mlimi wa nsomba. Mawu amenewa ndawamva kuyambira pamene ndinkachita digiri yachiwiri, nthawi imene anzanga ambiri anasankha za chakudya cha nsomba ndi kaswedwe kake chifukwa n'kumene kuli ntchito ndi ndalama. Sindiwadzudzula, popeza dziko likufunika nsomba zambiri. Koma yankho langa ndililemba pano monga momwe ndidzalilembere mu pempho lotsatira.

Nyongolotsi za Monogenea sizifuna nkhono kapena mbalame kuti zimalize moyo wake. Cichlidogyrus imaikira mazira m'madzi, mumatuluka kamphutsi kosambira, ndipo kakapeza nsomba ina kamakhazikika pomwepo. Gyrodactylus, nyongolotsi ina ya gulu lomweli, ndiye imabereka ana amoyo, mwanayo ali kale ndi mwana wina m'mimba mwake. Mu mtsinje, kumene nsomba zili motalikirana, timphutsi tambiri timafa tisanapeze pokhala; m'dziwe kapena mu khola la nsomba la m'nyanja, kumene nsomba zathithikana, tambiri timapeza pokhala, ndipo zopumira za ana a nsomba zimatupa mpaka kulephera kupuma. Dziko la Norway linaphunzira zimenezi mowawa pamene Gyrodactylus salaris inalowa m'mitsinje yake m'zaka za m'ma 1970 pamodzi ndi nsomba zoitanitsidwa kunja, n'kupha ana a nsomba ya salimoni m'mitsinje yambiri. Kuti adziwe chimene chinawagwera panafunika munthu wotha kusiyanitsa tingowe ta mtundu umenewo ndi ta abale ake osavulaza.

Ifenso tili pa mphambano yotere. Makumba ndiwo nsomba imene alimi ambiri a maiwe amaweta m'dziko muno. Nsomba ya ku Nile, Oreochromis niloticus, imene yafalitsidwa m'maiko ambiri chifukwa imakula msanga, inapezeka kale mu dera limene madzi ake amatsikira m'nyanja yathu, mbali ya ku Tanzania, ndipo m'malo ambiri kumene yapita yanyamula nyongolotsi zake. Mu 2018 bungwe la padziko lonse losamalira zachilengedwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo, karongae, squamipinnis ndi lidole, pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Tsiku limene mlimi kapena woyang'anira za usodzi adzabweretse nsomba zakufa n'kufunsa ngati kachilomboka n'kakuno kapena n'kobwera, yankho lidzatheka pokhapokha ngati wina analemba kale zimene zinalipo. M'nyanja ino akatswiri amayerekeza kuti muli mitundu ya nsomba za banja la chambo yoposa 800, ndipo imene tizilombo take tinapendedwa mozama ndi yowerengeka, pamene ku nyanja ya Tanganyika, Maarten Vanhove ndi anzake afotokoza mitundu yambiri ya Cichlidogyrus ndipo asonyeza kuti yambiri imasankha nsomba yake molimba. Nsomba ikatha, nyongolotsi yodalira iyo yokha imathera limodzi, isanadziwike n'komwe.

Wophunzira mmodzi wa chaka chomaliza wayamba kubwera madzulo mwa kufuna kwake. Sabata yoyamba anataya nyongolotsi zonse pakati pa mbale ndi kagalasi. Sabata yachitatu anakonza kagalasi kamene ndinatha kuyezapo ziwalo zonse. Anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi munthu angapeze ntchito ndi zimenezi?" Ndinamuuza zoona, kuti malo ndi ochepa ndipo njira ndi yaitali, koma kuti luso lozindikira tizilombo ta nsomba likufunika kulikonse kumene ulimi wa nsomba ukukula, ndipo kuno olidziwa ndi owerengeka. Ndamupatsa gawo lake, lopenda chilunguni cha mu mtsinje womwewo, kuti tione ngati chimagawana nyongolotsi ndi makumba.

Novembala

Chilolezo chotumiza zitsanzo kunja chatuluka, ndipo timabotolo ta ethanol tanyamuka kupita ku labotale ya anzathu kumene akawerenge zigawo za DNA zotchedwa 28S, 18S, ITS1 ndi COI. Zitatu zoyambazo ndi zimene ofufuza ambiri a gululi agwiritsa ntchito, choncho zidzatilola kuyerekeza ndi zimene zili kale mu GenBank. COI imasintha msanga, ndipo ndi imene ingaonetse kusiyana pakati pa mitundu yoyandikana kwambiri. Ndapempha kuti ayambe ndi zitsanzo zimene magalasi ake ndi ooneka bwino kwambiri, zisanu za maonekedwe A ndi zisanu za B, chifukwa DNA ya m'kachidutswa kakang'ono chonchi nthawi zina imakana kuwerengeka ndipo sindikufuna kutha zitsanzo zonse pa ulendo umodzi.

Magalasi a mankhwala a Malmberg sakhalitsa zaka zambiri, choncho amene adzasungidwe ngati umboni ndayamba kuwasamutsira mu utomoni wokhalitsa wotchedwa Canada balsam. Kaundula wa zitsanzo ndamulemba pawiri, mu kompyuta ndi m'buku lachikuto cholimba, ndipo nambala iliyonse ikulumikiza nsomba, doko, tsiku, kagalasi, chithunzi ndi kabotolo. Ngati DNA isonyeza kuti A ndi B ndi mtundu umodzi, pepala lidzakhala lofotokozanso halli kuchokera kwawo, ndi miyeso yosonyeza mmene amasinthira mwachibadwa. Ngati isonyeza iwiri, zithunzi za magalasi a 1967 ndi zimene zidzagamule kuti dzinalo likhala ndi uti, ndipo winayo adzafunika dzina lake, chitsanzo chake chachikulu ndi kulembetsedwa mu ZooBank, kaundula wa pa intaneti wa mayina a zinyama.

Nyengo yotseka usodzi yayamba m'madera a kumwera kwa nyanja, ndipo sindipita kumadoko mpaka itatha. Ulendo wotsatira udzakhala wa ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, kumene kuli makumba a mtundu wakewake otchedwa chilwae, amene akhala m'madzi osalumikizana ndi Shire ndipo apulumuka kuphwa kwa nyanjayo kangapo, kuphatikizapo kwa 1995. Pambuyo pake ndidzatsikira ku Shire wa kumunsi, kuseri kwa mathithi, kukatenga makakana, abale ake a makumba, oyerekezera. Ethanol watsala malita awiri, timagalasi tovundikira tatha, ndipo mndandanda wa zogula ndaupereka kale kwa woyang'anira labotale.